Mankhwala ogonetsera makoswe ndi mbewa pofufuza kayendedwe ka magazi mu ubongo: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene ophunzira ndi ofufuza ongoyamba kumene amafunsa kawirikawiri. Milingo ya mankhwala imene yatchulidwa muno ndi yongokupatsani chithunzi. Mlingo weniweni mugwirizane ndi dokotala wa zinyama wa pamalo anu a ntchito, ndipo uvomerezedwe ndi komiti yoona za kasamalidwe ka nyama za kafukufuku.

N'chifukwa chiyani kusankha mankhwala ogonetsa kumavuta chonchi pa kafukufuku wa magazi a mu ubongo?

Chifukwa chinthu chimene mukufuna kuyeza ndi chomwecho chimene mankhwalawo amasintha. Munthu wofufuza fupa la mwendo akagonetsa khoswe, fupalo limakhalabe mmene linalili. Ubongo ndi wosiyana, poti ndi mmene mankhwala ogonetsa amakagwirira ntchito yake.

Kale mu 1890, Charles Roy ndi Charles Sherrington analemba kuti ubongo umawonjezera magazi pamalo pamene pakugwiridwa ntchito. Tsono mankhwala ogonetsa amafooketsa ntchito ya maselo a ubongo, maselowo n'kumafuna okosijeni ndi shuga wochepa, magazi nawonso n'kuchepa. Imeneyo ndi njira imodzi chabe. Mankhwala ena amakhudza khoma la mtsempha mwachindunji, kuufutukula kapena kuufinya, osalabadira kuti maselo akufuna chiyani. Ena amafooketsa kupuma, CO2 (mpweya umene timatulutsa popuma) n'kuchuluka m'magazi. Enanso amatsitsa BP, amachedwetsa mtima, amaziziritsa thupi, kapena amakweza shuga. Chilichonse mwa izi pachokha chimasuntha nambala imene mukuwerenga pa makina anu.

Alipo mankhwala amene sakhudza magazi a mu ubongo n'komwe?

Palibe. Chimene mungachite ndi kusankha mankhwala amene vuto lake silikugwera ndendende pa funso lanu, kenako n'kuyang'anira zina zonse zimene tafotokoza m'munsimu pa mafunso a CO2, BP ndi kutentha.

Ndiyambire pati posankha?

Yambani ndi funso lakuti: kodi nyamayi idzadzuka? Ngati mukufuna kuyeza khoswe yemweyo lero, sabata yamawa ndi mwezi wamawa, urethane ndi alpha-chloralose zachoka kale pa mndandanda, chifukwa nyama yopatsidwa mankhwala amenewa siyenera kutsitsimuka.

Chachiwiri, mukuyeza chiyani kwenikweni? Kuchuluka kwa magazi nyama ili phee ndi nkhani ina. Kukwera kwa magazi mukagwedeza ndevu za mbewa kapena mukatekenya phazi ndi magetsi ochepa ndi nkhani inanso. Mmene mitsempha imadzisinthira BP ikatsika, mmene sitiroko imakulira, mmene madzi a mu ubongo amayendera: chilichonse chili ndi mankhwala amene amachiwononga koposa.

Zikatero muone nthawi ndi zida. Kuyeza kwa mphindi 20 si kofanana ndi kwa maola 6. Ndipo nyama ikalowa m'makina a MRI (ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito) simungaifikire ndi dzanja, choncho mukufunika mankhwala oti muwawonjezere muli kunja, kudzera m'kachubu kapena mu mpweya.

Isoflurane ndiyo ili paliponse. Vuto lake n'chiyani?

Tiyambe ndi ubwino, chifukwa ndi waukulu. Isoflurane ndi madzi amene makina amawasandutsa nthunzi, nyama n'kumapuma kudzera pa kachigoba ka pamphuno. Mumayamba ndi 4 kapena 5% m'kabokosi, nyama ikagona n'kutsitsa kufika pakati pa 1 ndi 2%. Mlingo umakhala m'manja mwanu nthawi yonse. Mukawonjezera, nyama imazama m'tulo m'mphindi zochepa, mukatseka imadzuka msanga, ndipo mutha kuigonetsa mobwereza. Pochita opaleshoni, ndi mankhwala ochepa amene angapikisane nayo.

Vuto n'lakuti imafutukula mitsempha ya mu ubongo, ndipo mlingo ukamakwera ndi pamene imaifutukula kwambiri. Maselo ali mtulo, akugwiritsa ntchito okosijeni wochepa, koma magazi akuthamanga ngati kuli ntchito yaikulu. Ubale wa pakati pa ntchito ya maselo ndi magazi, womwe mwina ndi umene mukufufuza, wasokonekera musanayambe n'komwe. Ngati muli ndi mbewa yoikidwa kagalasi pachibade, mutha kudzionera nokha: ili pa isoflurane mitsempha ya pamwamba pa ubongo imaoneka yonenepa, ndipo mukatseka nthunziyo mbewa n'kuyamba kudzuka, mitsempha ija mumaiona ikuwonda pa sikirini. Mtsempha wofutukuka kale sutsala ndi malo ambiri ofutukukira. N'chifukwa chake mukagwedeza ndevu, kukwera kwa magazi kumaoneka kochepa ndiponso kochedwa. Zili ngati kuyesa kuona madzi a chidebe chimodzi mwawathira mu mtsinje wosefukira.

Mukayandikira 2%, mavuto amawonjezeka. BP imatsika, ubongo umayamba kulephera kudziteteza ku kutsika kwa BP, ndipo magetsi a ubongo amayamba kuchita modukiza: phulu kwa kanthawi, kenako zii. Magazi amatsatira kudukizako mu ubongo wonse, moti wosadziwa angaganize kuti wapeza mgwirizano wodabwitsa pakati pa zigawo za ubongo, chonsecho ndi mankhwala chabe.

Sikuti isoflurane ndi yosayenera. Pa mlingo wotsika, cha m'ma 1% kapena kucheperapo, ambiri amapeza zotsatira zabwino. Koma osayerekeza magulu awiri amene anali pa milingo yosiyana, ngakhale kusiyanako kukhale theka la 1%.

Nanga alpha-chloralose, imene imatchulidwa kwambiri m'mapepala akale a fMRI (MRI yoonetsa malo a ubongo amene akugwira ntchito)?

Seiji Ogawa ndi anzake ataonetsa mu 1990, pa makoswe ogonetsedwa, kuti MRI itha kuona kusintha kwa okosijeni m'magazi a mu ubongo, ofufuza anafuna mankhwala amene amasiya maselo akuyankhabe bwino nyama ikatekenyedwa. Alpha-chloralose inakwanira pamenepo, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo inali yodalirika pa fMRI ya makoswe. Imatsitsa magazi ndi ntchito ya ubongo nyama ili phee, koma phazi likatekenyedwa kukwera kwa magazi kumaoneka bwino, pamalo pake penipeni.

Zofooka zake ndi zazikulu. Siipha ululu mokwanira, choncho opaleshoni muchite ndi mankhwala ena, monga isoflurane, kenako musinthe. Imasokoneza kupuma ndi asidi wa m'magazi, moti nyama imafunika makina opumira. Imavuta kusungunula, ndipo ikabayidwa m'mimba imatupitsa zam'kati. Ndi ya kafukufuku amene nyama siidzadzukanso.

Urethane bwanji?

Jakisoni mmodzi wa pakati pa 1.2 ndi 1.5 g pa kilogalamu amagoneka khoswe kwa maola 8 kapena kupitirira, kupuma ndi mtima zili zokhazikika ndithu. Ndicho chifukwa chake anthu oyeza magetsi a ubongo amaikonda. M'malo mopondereza njira imodzi mwamphamvu, imakhudza njira zingapo pang'onopang'ono. Ena amaiphatikiza ndi alpha-chloralose kuti achepetse mlingo wa zonse ziwiri. Labotale ya Costantino Iadecola ku New York yagwiritsa ntchito msakanizo umenewu pa mbewa kwa zaka zambiri.

Pali zinthu ziwiri zoti mukumbukire. Choyamba, ubongo wa nyama ili pa urethane umasinthasintha wokha pakati pa tulo tozama ndi topepuka, mofanana ndi tulo tachilengedwe, ndipo magazi amasintha nawo. Mukayeza pa mphindi yolakwika mudzati mankhwala anu oyesedwa agwira ntchito. Chachiwiri n'chokhudza inuyo: urethane imayambitsa khansa mwa nyama, ndipo mu 2007 bungwe la padziko lonse lofufuza za khansa la IARC linaiika m'gulu 2A, la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Ufa wake uyezereni m'kabati yokoka mpweya, mutavala magolovesi, ndipo mitembo ya nyama itayidwe monga zinyalala zoopsa.

Ketamine ndi xylazine n'zosavuta kupeza ndiponso kubaya. Ndingazigwiritse ntchito?

Mungathe, koma dziwani zimene mukulowamo. Mlingo wodziwika pa mbewa ndi 80 mpaka 100 mg ya ketamine pa kilogalamu, kuphatikiza 5 mpaka 10 mg ya xylazine. Tulo take sitichedwa kutha, kawirikawiri sitikwana ola, choncho mumafunika kuwonjezera, ndipo nthawi iliyonse mukawonjezera kuya kwa tulo kumasuntha. Kuyeza kwa mphindi ya 10 ndi kwa mphindi ya 40 kumakhala ngati kwa nyama ziwiri zosiyana.

Xylazine imafinya mitsempha, imachedwetsa mtima kwambiri, imatsitsa magazi a mu ubongo, ndipo imakweza shuga chifukwa imaletsa insulini kutuluka. Mtima wa mbewa yamaso umagunda ka 500 mpaka 700 pa mphindi, koma pa msakanizo uwu umatha kutsika kufika theka la pamenepo. Ketamine nayo imatseka njira ya NMDA (tizitseko ta pa maselo a ubongo tolandirira mauthenga), yomwe ndi imodzi mwa njira zazikulu zimene maselo amaitanira magazi. Onani funso la sitiroko ndi lotsatira lake kuti muone pamene zimenezi zimaluma kwambiri.

Ndamva kuti medetomidine ndiyo yabwino masiku ano. N'zoona?

Pa fMRI yobwereza pa nyama imodzimodzi, ndi imodzi mwa njira zodalirika koposa. Gulu la Mathias Hoehn ku Cologne linafalitsa njirayi mu 2006 pa makoswe: jakisoni woyamba wa 0.05 mg pa kilogalamu pansi pa khungu, kenako 0.1 mg pa kilogalamu pa ola mosalekeza. Mukamaliza mumabaya atipamezole, mankhwala othetsa mphamvu ya medetomidine, khoswe n'kudzuka m'mphindi zochepa. Dexmedetomidine ndi chigawo chogwira ntchito cha mankhwala omwewa, choncho mlingo wake ndi theka.

Medetomidine ndi ya banja limodzi ndi xylazine, ndipo makhalidwe ake ndi omwewo: mitsempha yofinyika, mtima wochedwa, shuga wokwera, mkodzo wambiri. Komanso imangowodzeretsa, siigonetsa mokwanira kuti mucheke. Mphamvu yake imasinthanso pakapita maola, choncho nthawi yoyezera ikhale yofanana pa nyama zonse.

Chimene ambiri atengera tsopano ndi kuiphatikiza ndi isoflurane yochepa, cha m'ma 0.5%, njira imene Joanes Grandjean ndi anzake ku Zurich anaiyesa pa mbewa mu 2014. Maganizo ake ndi akuti imodzi ikufutukula, inayo ikufinya, ndipo zonse zili pa mlingo wotsika. Ndi njira yabwino. Koma musaitenge ngati kuti mavuto awiriwo afafanizana n'kutsala ubongo wamaso. Ndi ubongo wokhala ndi mankhwala awiri.

Propofol ndi pentobarbital?

Zonse ziwiri zimatsitsa ntchito ya maselo ndi magazi limodzi, choncho sizilekanitsa ziwirizi mmene isoflurane imachitira. Propofol imafuna kachubu mu mtsempha ndi pampu yoilowetsa mosalekeza. Pentobarbital ili ndi mpata wochepa pakati pa mlingo wogonetsa ndi mlingo wakupha, ndipo siipha ululu bwino. Zonse zimafooketsa kupuma, zimene zikutifikitsa ku funso lotsatira.

Bwanji nkhani ya CO2 imabwerabwera?

Chifukwa kafukufuku wambiri amawonongekera pamenepa, osati pa dzina la mankhwala. CO2 ya m'magazi a mtsempha wochokera ku mtima imayenera kukhala pakati pa 35 ndi 45 mmHg (muyeso womwewo umene timayezera BP). Ikakwera ndi 1 mmHg yokha, magazi a mu ubongo amakwera ndi 2 mpaka 4%. Werengani nokha: khoswe amene akupuma mofooka, CO2 yake n'kuchoka pa 45 kufika 55, magazi ake akwera ndi 20 mpaka 40% popanda chilichonse chimene mwachita. Kukwera kumene mumakufuna pogwedeza ndevu za nyama yogonetsedwa nthawi zambiri n'kwa msinkhu womwewo, kapena kucheperapo.

Choopsa n'chakuti zimenezi sizigwera magulu onse mofanana. Nyama zokalamba, zonenepa kwambiri kapena zodwala zimafooka msanga pa mlingo womwewo. Mukapeza kuti gulu lodwala lili ndi magazi osiyana ndi gulu labwino, funso loyamba la wowunika pepala lanu lidzakhala lakuti: munayeza CO2?

Njira yotsimikizika ndi kuika kachubu pakhosi, kulumikiza makina opumira, ndi kuika kachubu kena mu mtsempha wa pantchafu kapena wa kumchira kuti muzitapa magazi n'kuwayeza. Kachubu komweko kamakupatsaninso BP. Makina oyeza CO2 ya mu mpweya wotuluka amathandiza kuona kusintha msanga, koma pa nyama zazing'ono chonchi nambala yake muitsimikize ndi ya m'magazi. Ngati nyama idzadzuka ndipo simungaicheke chonchi, yang'anirani kapumidwe ndi okosijeni mosalekeza, ndipo khalani ndi kagulu kapadera ka nyama koyezera magazi pa njira yomweyo.

Nanga BP, kutentha kwa thupi ndi okosijeni?

Ubongo umatha kusunga magazi ake mofanana ngakhale BP isinthe, nkhani imene Niels Lassen anaifotokoza mu 1959, koma kudziteteza kumeneku kuli ndi malire. BP yapakatikati ikatsika kufika cha m'ma 60 mmHg, magazi amayamba kungotsatira BP, ndipo zimene mukuyeza pamenepo ndi mtima, osati ubongo.

Mbewa yogonetsedwa imazizira m'mphindi zochepa. Ikani kachipangizo koyeza kutentha kumatako ndi kabulangete kotenthetsa kamene kamadzisintha kokha, thupi likhale pa madigiri 37. Chimene ambiri amaiwala ndi ubongo weniweniwo: mukatsegula chibade n'kuthirapo madzi ozizira a pansi pa maikulosikopu, pamwamba pa ubongo pamazizira ndi madigiri angapo ngakhale thupi lili pa 37. Tenthetsani madziwo.

Okosijeni wa 100% amabisa kupuma kofooka, chifukwa nambala ya okosijeni imaoneka bwino pomwe CO2 ikukwera. Amasinthanso chizindikiro cha fMRI. Ambiri amasakaniza mpweya wamba ndi okosijeni kufika cha m'ma 30%.

Zimene zimagwira pa makoswe zimagwiranso pa mbewa?

Osati nthawi zonse. Mbewa ya magalamu 25 ili ndi magazi osakwana mamililita 2, choncho simungatape kambirimbiri osatsitsa BP. Mbewa zimadzidzimukanso msanga: mukatekenya phazi limodzi, mtima ndi BP zimatha kukwera, magazi n'kukwera mbali zonse ziwiri za ubongo, inu n'kuganiza kuti ndi ntchito ya maselo. Mitundu nayo imasiyana. Mbewa za C57BL/6 kawirikawiri zimakhala ndi mitsempha yofooka yolumikiza magazi a kutsogolo ndi a kumbuyo kwa ubongo, ndipo zazimuna ndi zazikazi sizigona mofanana pa mlingo umodzi.

Ndikufufuza sitiroko. Pali chosiyana?

Chilipo: mankhwala ogonetsa amatha kusintha kukula kwa sitiroko yeniyeniyo. Isoflurane imateteza maselo a ubongo, ngakhale itaperekedwa mtsempha usanatsekedwe. Ketamine imatetezanso kudzera mu NMDA. Kumbali inayo, shuga wokwera chifukwa cha xylazine kapena medetomidine amatha kukulitsa chilonda. Kutentha kukasiyana ndi digiri imodzi kapena awiri, zotsatira zimasiyananso.

Pa njira yolowetsa kaulusi kukatseka mtsempha wapakati wa ubongo, imene Koizumi anaifotokoza mu 1986 ndipo Longa anaikonza mu 1989, labotale zambiri zimagwiritsabe ntchito isoflurane chifukwa nyama iyenera kudzuka. Zili bwino, malinga nyama zonse, kuphatikizapo zimene zinangochekedwa osatsekedwa mtsempha, zikhale pa mlingo umodzi kwa nthawi yofanana. Ngati nyama zina mumazidzutsa mtsempha uli wotsekedwa pomwe zina zimagonabe, mwapanga magulu awiri osadziwa.

Nanga funde la mutu waching'alang'ala ndi kayendedwe ka madzi a mu ubongo?

Funde lozimitsa magetsi a ubongo, limene Aristides Leão analifotokoza mu 1944 ndipo limakhudzana ndi mutu waching'alang'ala, limadalira NMDA kuti liyende. Ketamine imaliletsa, choncho ipeweni. Isoflurane nayo imachepetsa kuchuluka kwa mafundewa.

Pa madzi otsuka ubongo zinthu zimatembenuka. Gulu la Maiken Nedergaard ku Rochester linaonetsa mu 2019 kuti madziwa amalowa kwambiri mu ubongo wa mbewa pa ketamine ndi xylazine, pomwe pa isoflurane yokha amalowa pang'ono. Mankhwala amene ali oipa pa funso limodzi ndi omwewo abwino pa funso lina.

Mankhwala opha ululu asokoneza zotsatira zanga. Ndingawasiye?

Ayi. Malamulo sakulolani, komanso ululu pawokha umakweza BP, umasintha kapumidwe ndi kudzutsa ubongo. Chofunika ndi kusankha mwanzeru. Indomethacin imatsitsa magazi a mu ubongo ndi kufooketsa mmene mitsempha imayankhira CO2. Mankhwala opha ululu otseka COX-2 (puloteni yothandizira kutupa ndi ululu) amachepetsa kukwera kwa magazi kotsatira ntchito ya maselo. Buprenorphine imatha kufooketsa kupuma. Mankhwala ochititsa dzanzi pamalo pochekapo, monga lidocaine ndi bupivacaine, amathandiza kwambiri ndipo amakulolani kutsitsa mlingo wa ogonetsa.

Mankhwala olefula minofu, monga pancuronium, sagonetsa ndipo sapha ululu. Amangoletsa nyama kusuntha. Nyama ikapatsidwa amenewa, kutsina chala cha kuphazi sikukuuzaninso kanthu, choncho maso anu akhale pa mtima ndi BP.

Bwanji osangoyeza nyama ili maso?

Ambiri akutero, ndipo ngati funso lanu ndi la ubale wa ntchito ya maselo ndi magazi, ndi njira yofunika kuiganizira poyamba. Mbewa imaikidwa kachitsulo pachibade ndi kagalasi koonera, imachira kwa masabata angapo, kenako imazolowetsedwa kukhala mutu uli womangidwa, miyendo ikuyenda pa gudumu kapena pa mpira. Nyama yamaso imayankha msanga ndiponso mwamphamvu kuposa yogonetsedwa.

Koma kukhala maso nakonso si chinthu chimodzi. Mbewa ikathamanga, magazi amakwera. Ikagwedeza ndevu yokha, amakwera. Ikachita mantha, monga ndi phokoso la MRI lopitirira madesibelo 100, zonse zimasokonekera. Ndipo mbewa yozolowera bwino imatha kungogona pomwepo. Pa tulo tolota magazi a mu ubongo amakwera kwambiri, kuposa mmene amakwerera mukaitekenya. Choncho mufunika kamera yoona nkhope ndi mboni ya diso, ndi chojambulira mayendedwe, kuti mudziwe nyama inali motani pa sekondi iliyonse.

Ndachita opaleshoni ndi isoflurane kenako ndasinthira ku mankhwala ena. Ndiyambe kuyeza nthawi yomweyo?

Dikirani. Ambiri amadikira theka la ola kapena ola lathunthu kuti isoflurane ichoke ndipo mankhwala atsopano akhazikike. Muyambe BP, kapumidwe ndi mzere wa magazi zitasiya kusuntha, ndipo nthawi yodikirayo ikhale yofanana pa nyama iliyonse.

Ndilembe chiyani m'pepala langa?

Malangizo a ARRIVE a kalembedwe ka kafukufuku wa pa nyama, amene anatuluka mu 2010 n'kukonzedwanso mu 2020, amafuna dzina la mankhwala, mlingo, njira yoperekera ndi mmene munayang'anirira nyama. Pa kafukufuku wa magazi a mu ubongo onjezani izi: mpweya umene unanyamula mankhwalawo, ngati nyama inkapuma yokha kapena ndi makina, nambala za CO2, okosijeni, BP, shuga ndi kutentha pa gulu lililonse padera, komanso mphindi zimene zinadutsa kuchokera pogonetsa kufika poyeza. Lembaninso malire amene munaika musanayambe, monga akuti nyama ya CO2 yopitirira 45 kapena BP yotsika kwambiri ichotsedwe, ndipo munene kuti m'gulu lililonse munachotsamo zingati.